Madzi Opanda Mita

Tinasonkha kwa miyezi itatu,
marandi makumi asanu aliyense,
m'buku lomwe lija timalembamo za maliro.
Esinati, msungichuma wathu, ndiye anayambitsa:
"Kodi tizingoonana pakakhala bokosi
loti tilikweze ngolo, lilowere ku Mwanza?
Tsiku limodzi tikumaneko tonse tikupuma."

Lamulungu m'mawa minibasi yahayala
inatitola ku Turffontein, ku Mayfair, ena pa Bree,
anthu khumi ndi asanu, khanda osawerengera,
ndi chigubu cha thobwa chimene Che Ajasi
anachifukata ngati mwana wodwala
mpaka ku Roodepoort.

Pageti ndinaseka ndekha.
Ine Zakeyu, zaka zisanu ndi zinayi
ndikumweta kapinga wa eni ku Northcliff,
lero ndikulipira kuti ndiponde kapinga.
Mapazi anakana, anazolowera m'mphepete.
Dzanja linapita lokha pa tsamba louma,
Lusitiya n'kulimenya:
"Tasiya, lero suli pa ntchito."

Tinawamva tisanawaone.
Mkokomo ngati wa msewu waukulu usiku,
koma wopanda hutala, wopanda sairini.
Njira inakhota, mitengo n'kupatuka,
ndipo apo, thanthwe lofiirira, lalitali,
madzi akudziponya kuchokera pamwamba
osayamba ayang'ana pansi.

Ife timadziwa madzi a mita.
Timadziwa ndowa ya pamzere
mpopi ukauma masiku anayi,
timadziwa chibakera cha mwini nyumba
pa chitseko cha bafa.
Awa palibe akuwawerenga.
Tinaima, tinadikira,
palibe anabwera kudzatseka.

"Mathithi ake omwewa?" anatero Waisoni wa ku Mulanje.
"Ku Likhubula awa timati mbuzi yakodza."
Tinafa nacho chiseko.
Koma ndi yemweyo anakhalitsa pamwala paja,
nsapato m'manja,
nkhungu ikunyowetsa malaya ake a kutchalitchi,
ndipo pamene ankapukuta kumaso
palibe anamufunsa kanthu.

Nkhalamba ina ya chipewa chachikulu
inatibwereka magalasi oonera patali.
Pamwamba pa phompho, chisa cha timitengo,
ziombankhanga ziwiri zakuda bii.
Inati malowo sizinawasiye,
ngakhale mzinda wazizinga
ndi madenga ndi mipanda yamagetsi.
Esinati anayang'ana nthawi yaitali.
Mwamuna wake ali ku Kepi,
ana ali ku Ntcheu kwa mchemwali wake.
"Ndiye zimagona pamodzi tsiku lililonse?"
Anafunsa choncho basi,
n'kupatsira wina magalasi.

Tinayala zitenje pamthunzi.
Mpunga, nkhuku, mandasi a dzulo.
Che Ajasi anapita kukaswali kuseri kwa zitsamba,
khanda linagona pakamwa pali yasa.
Kenako mafoni anatuluka.
Aliyense chithunzi chake, madzi kumbuyo,
mimba kubweza, mano kunja.
Ndinatumiza changa kumudzi.
Mphindi zisanu sizinathe, mlamu wayankha:
"Joni mukuidyadi. Nanga za feteleza zija?"

Ndikanamuuza chiyani?
Kuti malayawo ndi obwereka?
Kuti pa zaka zisanu ndi zinayi
tsiku lake ndi lomweli?
Ndinaika foni m'thumba,
m'mene mumakhala pepala lija
limene ndimaligwiragwira ndikaona yunifolomu.
Ndipamene ndinazindikira:
kuyambira m'mawa sindinaligwire.

Folo koloko dalaivala anayamba kuliza hutala.
Tinatola mafupa, mapepala, chigubu chopepuka.
Esinati anatiwerenga kawiri.
Tinakwana.
Anatseka buku osalemba dzina la munthu.

Lolemba ndinali ku Northcliff sikisi isanakwane.
Ndinatsegula mpopi, ndinakoka paipi,
ndinaika chala pakamwa pake
n'kuikweza pamwamba kuposa masiku onse,
madzi akugwera pa miyala ya m'mbali mwa dziwe.
Ndinatseka maso pang'ono.
Adona anagogoda pawindo,
akuloza mita.